A Lumo Ameta Kemisitiri

Mu msewu wotsikira kokwerera mabasi, pakati pa mnyamata wokonza mafoni ndi mayi wosoka zovala, pali kachipinda kopanikiza kamene munthu wamimba amalowamo cham'mbali. Ndimo mmene a Lumo akhala akumetera anthu kuchokera kalekale, makina akadali oyendera dzanja aja amene ankazula tsitsi m'malo modula. Dzina lawo lenileni lilipo ndithu. Akazi awo amalisunga bwino, ndipo amalitulutsa pokhapokha zinthu zikavuta. Ena onse amangoti a Lumo.

M'kachipindamo muli kalilole wong'aluka pakona, mpando wa muofesi umene unathyoka gudumu limodzi n'kuchirikizidwa ndi njerwa, ndi benchi ya odikira. Theka la odikirawo sadikira kanthu. Ndi madoda opuma ntchito amene tsitsi linawathawa kale, amangobwera kudzakangana za mpira ndi kudzawerenga nyuzipepala ya eni ake.

Sukulu a Lumo anangoinunkhiza. Anaisiyira kupulayimale, chaka chimene anazindikira kuti iwo ndi masamu sadzagwirizana mpaka kumanda. Koma musayerekeze kuwauza kuti ndi osaphunzira.

"Pampando apa pakhala maloya, pakhala madokotala, pakhala ngakhale woyendetsa ndege," amatero akupukuta chipeso pathalauza. "Mitu yawo ndaigwira ndi manja awa. Inu mukuganiza kuti nzeru sizilowera m'zala?"

Lamulo lawo pantchito linali limodzi: safunsa. Ometa ena amayamba ndi kuti, "Timete bwanji, bwana?" A Lumo ankati wofunsa choncho ndi wophunzira ntchito. Iwo ankakukhazika, kukukulunga nsalu m'khosi, kuzungulira mutu wako ngati akugula galimoto yakale, kenako makina n'kulira. Ukabwera ndi chithunzi cha wosewera mpira pafoni, ankachiyang'ana mwaulemu, n'kukumeta mmene iwo aonera. Ngakhale akazi awo sanawafunsire. Anangowapeza pamzere wa basi n'kuwauza kuti nyumba yapezeka kale ndipo mawindo ake akufunika makatani. Mayiwo mpaka lero amati akudikirabe funsolo.

Chopweteka mtima n'chakuti kawirikawiri a Lumo ankakhoza. Munthu ankadzuka pampando atakwiya, n'kukafika kunyumba mkazi akumuyamikira. Zimenezi n'zimene zinawaononga. Munthu akamakhoza kawirikawiri amayamba kuganiza kuti amakhoza nthawi zonse.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Tsiku lina, mwanayo asanayambe n'komwe sukulu, a Lumo anacheka khutu la kasitomala ali mkati mofotokoza mmene chigoli chinalowera. Kamwanako kanatulukira kuseri kwa benchi ndi thonje ndi botolo la sipiriti, n'kulamula chibambo chachikulucho kuti chisagwedezeke. Benchi yonse inafa nalo phwete. "Adokotala afika!" Dzina linakakamira pomwepo.

Poyamba inali nthabwala. Inasiya kukhala nthabwala amayi ake atapezeka ndi matenda a shuga. A Lumo, amene amayendetsa lumo pakhosi pa munthu dzanja osanjenjemera, akangoona jakisoni ankatuluka panja kukayang'ana nyengo. Ndiye anali Dokotala, ali mu yunifolomu ya sekondale, amene ankabaya amayi ake, kuwaperekeza pamzere wa kuchipatala, ndi kuvutitsa anamwino ndi mafunso, mpaka mmodzi anamuuza kuti, "Iwe, kaphunzire udzatilandire ntchitoyi, tipumeko." Namwinoyo ankangofuna mtendere. Mwanayo anawasunga mawuwo.

Itafika nthawi yosankha maphunziro oti apite nawo mpaka mayeso omaliza a sekondale, anabweretsa lipoti kushopu. A Lumo analigwirira patali, monga amachitira anthu okana magalasi. Chingerezi, bwino. Masamu, bwino, kaya anatengera yani. Bayoloje, pamwamba penipeni. Histole, pamwamba. Kemisitiri yokha ndiyo inazyolika.

Pabenchi panali akalaliki opuma ntchito amene anagwirapo mu ofesi ya zamaphunziro, ngakhale ena amati ankangodinda makalata.

"Nkhani ya yunivesite ndi yapafupi," anatero akalalikiwo. "Amaphatikiza zimene mwana wapeza. Phunziro limodzi likangotsimphina, limakokera anzake onse pansi. Ochenjera amataya lolemeralo."

Akalaliki sananame kwenikweni. Ananena theka. Theka linalo sankalidziwa.

A Lumo anayang'ananso lipoti lija mmene amayang'anira mutu. Ponse posalala, pamodzi pokha potumphuka. Wometa aliyense amadziwa chochita ndi potumphuka.

"Ichi chichoke," anatero, chala chili pa Kemisitiri. "Akuti usankhe pakati pa ichi ndi Histole, si choncho? Tenga Histole."

"Koma ababa, aphunzitsi akuti amene akufuna zachipatala..."

"Aphunzitsi akuti, aphunzitsi akuti! Dokotala amachiza thupi. Thupi ndi Bayoloje. Zosakanizasakaniza m'mabotolozo n'za anthu ofulula mowa. Unamuonapo dokotala akuwiritsa madzi a buluu pamaso pa wodwala?"

Benchi inaseka, ndipo mwana sangapambane mlandu umene benchi yaseka kale. Komanso, tinene zoona, Kemisitiriyo inkamuliza. Kumva bambo ake akumumasula kunali ngati kuvula nsapato yothina. Anatenga Histole.

Loweruka lotsatira kunabwera mphunzitsi wa Kemisitiri. Anali munthu wamtali, wofatsa, wa mutu wosalala ngati bondo. A Lumo ankangowatcha a Dazi, ndipo ntchito imene ankagwira pa iwo inali ya ndevu zokha. Anawakhazika, kuwapaka thovu, n'kuyamba tsaya lakumanja.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani ya mwana wanu," a Dazi analankhula mosamala, poti lumo linali pafupi. "Musamulole asiye Kemisitiri. Pano akuvutika, inde, koma mutu ali nawo. Akasiya, zitseko zonse zachipatala mwamutsekera. Ndikhoza kumamuthandiza masana akaweruka."

Mawu otsirizawo ndi amene anaononga zonse. A Lumo anali atamva kale, pampando womwewo, za aphunzitsi ogwetsa ana dala kuti makolo azilipira maphunziro apadera. Anaimitsa lumo.

"Ohoo. Mwayamba mwamugwetsa, tsopano mwabwera kudzamudzutsa? Msika wavuta eti, aphunzitsi? Ana akukuthawani?"

"Sindinatchule zolipira ine."

"Simunatchule, koma fungo lafika kale." Anachotsa nsalu m'khosi mwa a Dazi, n'kuikutumula. "Dzukani. Mwana wanga ndimamudziwa ine. Mutu wake ndaumeta kuyambira ali khanda."

A Dazi anatuluka tsaya lina lili losalala, lina lili ndi ndevu ndi thovu, n'kuyenda choncho msewu wonse. Benchi inaseka mpaka akalaliki anatsamwa. Nkhaniyo a Lumo anaikamba miyezi ndi miyezi, ndipo ulendo uliwonse thovu linkachulukirako.

Zotsatira za mayeso omaliza zitatuluka, Dokotala anaposa aliyense pasukulu pawo. A Lumo anatseka shopu masanasana, chinthu chimene ankachita pamaliro pokha. Anapita kogulitsa zovala zakale, n'kubwerako ndi jasi loyera la kuchipatala, lokhala ndi kathumba kapachifuwa koikamo zolembera. Analichapa okha, kulisita, n'kulipachika pamsomali moyang'anizana ndi kalilole, kuti aliyense wometedwa aziliona kumbuyo kwa mutu wake.

Mwanayo naye anachita chimene ankalakalaka zaka zonse za sukulu, kumene lamulo linali la tsitsi lalifupi ngati la mnyamata. Chilembereni mayeso anali asanakhale pampando wa bambo ake, ndipo tsopano amayi ake ndi mayi wosoka uja anamuluka zingwe zazitali zofika pamsana. A Lumo anadandaula kuti mwana wa wometa akuwaonongera malonda, koma akamadutsa pakhomo ankazimitsa makina kuti kasitomala amuone bwino.

"Ameneyo ndi wa ku yunivesite," ankatero.

Sanaone kuti mwanayo wayamba kuchepa mawu. Anali atapita kukafunsa za kalembera wa ku yunivesite, n'kubwerako osanena kanthu. Ankangosesa tsitsi m'shopu, kusesa ndi posesa kale pomwe.

Amene anaulula anali kasitomala wachilendo, mnyamata wa taye amene anati amagwira ntchito yopereka mankhwala pachipatala chachikulu. A Lumo anamva ngati kumwamba kwawatumizira mboni.

"Ndiye mwakumana ndi mnzanu! Uyo akusesayo. Woyamba sukulu yonse. Jasi lake ilo."

"Mwachita bwino kwambiri, achemwali," mnyamatayo anatero kudzera pakalilole. "Kemisitiri munapeza bwanji? Akuti chaka chino akufinya kwambiri pamenepo."

"Imeneyo tinameta kalekale," a Lumo anayankha monyada. "Inkamuonongera mutu."

Mnyamatayo anaseka, kuyesa ndi nthabwala. Ataona kuti akuseka yekha, anatembenuka ndi nsalu yake m'khosi.

"Simunalembe n'komwe?"

Tsache linaima.

"Pepani bambo, koma popanda Kemisitiri sangamutenge. Udokotala ayi, zamankhwala ayi, ngakhale zoyeza magazi. Sayamba n'kuona kuti wakhoza bwanji. Amayamba aona ngati phunzirolo lilipo. Ngati palibe, amangomuika pambali."

Makina ankalirabe m'dzanja la a Lumo, akumeta mpweya. Anayang'ana kubenchi. Akalaliki anali atakweza nyuzipepala mpaka kubisa nkhope, ndipo tsamba limene ankawerenga mwachidwi chotero linali lotsatsa matayala.

"Iwe," a Lumo anatembenukira mwana wawo. "Akunama awa, eti?"

"Sakunama, ababa."

Anatsamiritsa tsache kukhoma bwinobwino, n'kutuluka. Mutu wa mnyamata uja a Lumo anaumaliza, koma m'mbiri yawo yonse ndi mutu wokhawo umene mwini wake anakaukonzetsa kwina.

Madzulo anafika kunyumba yankho lili kale m'manja, monga mwa chizolowezi chawo.

"Ndaganiza," anatero akuvula nsapato. "Udokotala ndi ntchito yonunkha. Magazi, mafinya, kugona kuntchito. Ndi Histole yakoyo ndi Chingerezi ukhala loya. Maloya ndawameta ine, amanunkhira bwino. Kuyambira lero ndiwe Loya. Jasi lija tikalinyika mu utoto wakuda."

Palibe anaseka. Akazi awo, amene anali pamkeka akusisita phazi lotupa, anakweza mutu n'kuwatchula dzina lawo lenileni, lonse, ndi la bambo awo lomwe. A Lumo anakhala pansi.

"Tsitsi mukalakwitsa limameranso," anatero mayiwo. "Izi zimera liti?"

"Nanga bwanji sanandiuze atabwerako kofunsa kuja?" anatero a Lumo.

Dokotala anayankha ali pakhomo la kuchipinda, jakisoni wa amayi ake ali m'manja.

"Ndikanayambira pati, ababa? Jasi munali mutapachika kale. Msewu wonse ukundipatsa moni wa Adokotala. Wokonza mafoni wandionetsa kale chotupa chake cha m'khwapa." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Ndipo si inu nokha. Inenso ndinakondwa tsiku lija. Ndinkaiopa Kemisitiri. Ndikanakakamira mukananditani, mukanandicheka khutu?"

"Ndiye za uloyazo..."

"Amayi, kwezani dzanja la bulauzi," anatero mwanayo, ndipo a Lumo anatuluka kukayang'ana nyengo.

Masiku otsatira shopu inazizira. Mwana sanabwerenso kudzasesa, ndipo tsitsi linaunjikana m'makona. Nthawi ya kalembera inali kutha. Anzake a Dokotala, ena mwa iwo amene ankakopera kwa iye m'kalasi, ankadutsa akukambirana makoleji amene alembetsa, ndipo aliyense ankasuzumira kufunsa kuti mnzawo wasankha kuti. A Lumo ankayatsa makina kuti asamve. Jasi lija silinachoke pamsomali. Kulichotsa kukanakhala kuvomera, kulisiya kunali kudzitukwana, ndiye linangokhala pomwepo likutola fumbi la tsitsi.

M'mawa wina anaika lumo, burashi ndi sopo m'kachikwama, anavala jekete la kutchalitchi, n'kupita kusekondale. A Dazi anawapeza m'labotale akutsuka timabotolo pasinki. Ndevu zinali zitakula mbali zonse ziwiri, zina zitayamba imvi.

"Ndabwera kudzamaliza tsaya lija, aphunzitsi."

A Dazi anaika kabotolo pansi. "Mwachedwa pang'ono. Thovu linauma."

"Ndinalakwa." Mawuwa anatuluka ngati dzino lozulidwa popanda jakisoni. "Ndinkayesa mukufuna kundidyera. Zitseko zija zatsekeka, monga munanenera. Ndiuzeni pogwira."

A Dazi sanaonetse kukondwa, ndipo zimenezo zinawapweteka a Lumo kuposa kunyozedwa. Anapukuta manja n'kufotokoza. Njira inalipo, koma yaminga. Mwanayo anayenera kulembetsanso pasukulupo, kukhala m'kalasi limodzi ndi ana amene ankamunyamulira mabuku, kuphunzira m'chaka chimodzi zimene anzake amaphunzira zaka ziwiri, kenako kulembanso mayeso. Akapanda kukhoza bwino, chaka chapita pachabe, ndipo malo a uloya amene akanawapeza lero mosavuta mwina sadzamudikira.

"Palibe angakulonjezeni kuti akhoza," anatero a Dazi. "Ine ndinati mutu ali nawo. Sindinati Kemisitiri ndi yophweka. Komanso lamulo la pano mukulidziwa: yunifolomu, ndi tsitsi lalifupi. Ahedi sasiyanitsa wobwereza ndi watsopano."

"Zonsezo tavomera," a Lumo anayankha msanga. "Mulembeni. Ayamba Lolemba."

"Tavomera? Inu ndi ndani?" A Dazi anasuzumira kumbuyo kwa a Lumo ngati akufuna munthu. "Mwini wake ali kuti?"

"Ali kunyumba. Koma ine ndikudziwa chimene..."

"Bambo, ulendo watha uja munkadziwanso." Anabwerera kusinki. "Ndevu zanga zisiyeni, ndazizolowera. Akafuna, abwere yekha adzandiuze ndi pakamwa pake. Akafuna uloya, imeneyonso ndi ntchito."

A Lumo anabwerera ndi kachikwama kawo kosatsegula. Njira yonse ankayeserera funso, milomo ikugwedera, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anawafunsa ngati akupemphera. Zaka zonsezi anali asanafunsepo munthu chimene akufuna, ndipo anapeza kuti lilime silidziwa popindira.

Mwana anamupeza kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Anamufotokozera zonse osachotsera: chaka chathunthu, ana aang'ono, yunifolomu, tsitsi, ndiponso kuti mwina akhoza kulephera. Kenako anatsokomola, chifuwa alibe.

"Ndiye... iweyo ukufuna chiyani?"

Dokotala anawayang'ana ngati alankhula chinenero chachilendo. Anagwira nsonga ya chingwe chimodzi cha tsitsi lake, n'kumaipota pachala.

"Sindikudziwa, ababa. Ndikuopa."

"Chabwino," anatero a Lumo, ngakhale mawu ambirimbiri anali atafola kale pakhosi. Anawameza onse. Pa ntchito zonse zimene bamboyu anagwirapo, yolemetsa inali imeneyi.

Mwanayo sanayankhe tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. A Lumo ankayenda m'nyumba ngati mlendo, akazi awo akuwalondera ndi diso kuti asatsegule pakamwa. Usiku ankangotembenuka pabedi, kuganiza kuti mwina amuuze zobwerera kusukulu, mwina amuuze za uloya, mwina angomulembetsa zonse ziwiri mwakachetechete. M'mawa ankadzuka n'kupita kushopu osanena kanthu, nkhope ili ngati ya munthu wosunga madzi otentha m'kamwa.

Loweruka, benchi itadzaza, mwanayo analowa m'shopu. M'manja munali buku la Kemisitiri lokutidwa ndi pepala la khaki, lobwereka kwa a Dazi. Anali atapitako yekha. Anadikira kuti kasitomala adzuke, n'kukhala pampando.

"Adokotala afika!" anatero akalaliki mwachizolowezi.

"Dzina limenelo liyambe lapuma, agogo," anayankha osatembenuka. "Ndipo jasilo, ababa, lichotseni. Mulipinde, mukaliike m'sutikesi ya amayi. Likadzafunika ndidzalitenga ndekha. Likapanda kufunika, amayi osokawa adzadulamo zovekera mapilo."

A Lumo analichotsa. Pakhoma panatsala malo oyera a maonekedwe a jasi, pakati pa fumbi. Anatenga nsalu, kumukulunga m'khosi, n'kunyamula zingwe za tsitsi zija m'dzanja. Zinali zolemera, zonunkhira mafuta, ndipo amayi ake anaziluka tsiku lathunthu ndi zala zotupa. Benchi yonse inatembenukira kumpando. Palibe anakumbuka za mpira.

Anagwira sizasi, n'kuima nayo m'mwamba osadula.

"Timete... timete bwanji, mayi?"

Wina pabenchi anatsegula pakamwa kuti aseke. Akalaliki anamugunda ndi chigongono.

"Mmene munkandimetera ndikuyamba sekondale," mwanayo anatero, maso ali pakalilole. "Koma khutu musamale. Wothamanga ndi thonje lero palibe."

Chingwe choyamba chinagwa pansi, chachiwiri n'kutsatira. Misozi inatsika yokha, iye osaipukuta, chifukwa manja anali pansi pa nsalu atagwira buku lija. A Lumo anapitiriza kudula pang'onopang'ono, osakamba nkhani, osayang'ana pakalilole. Atamaliza, anapita okha kukatenga tsache.